Masikono a Ba Fines

Lushomo anayamba kunenepa mwezi umene amayi ake anasiya kukazinga vitumbuwa.

Melody, mayi wa mwanayo, anayamba ntchito ya vitumbuwa ali mtsikana, pamsewu waukulu pamene maminibasi a ku Lusaka amadzazira anthu. Fulawa anali paliponse pamoyo wake: m'zikhadabo, m'tsitsi, pamphasa, ngakhale pachikuto cha Baibulo. Mwana wake mmodzi yekhayo anakulira pansi pa tebulo logulitsirapo, ndipo chitumbuwa chilichonse chopindika kapena chopserera chinali chake. Anthu ankati mwanayu ndi wamwayi, wabadwira m'zokoma. Mwayi wake uti? Pofika zaka zoyamba sukulu ankaoneka ngati wangosiya kumene bere. Mimba inali tuu, miyendo ngati mapesi, tsitsi lofiirira, ndipo njira ya kuchimbudzi sinkamera udzu.

Anamumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba mpaka kutopa. Anawayeza magazi onse awiri, mayi ndi mwana, kufunafuna matenda aja amene anthu amatchula chapansipansi, koma sanapeze kanthu. Mapemphero anachitika, madzi odalitsa anamwedwa. Pomaliza anawatumiza ku Lusaka, ndipo kumeneko dokotala wina wachizimayi, atayeza ndi kuyezanso, anamukhazika pansi Melody n'kumufotokozera. Anati m'tirigu muli kanthu kotchedwa guluteni, kaja kamene kamachititsa kuti fulawa wokanda azitamuka. Kwa anthu ambiri si kanthu. Kwa Lushomo kanali kupala matumbo, chakudya n'kumangodutsa osagwira thupi.

"Manje mankwala yake ni yabwanji, ba dokota?" anafunsa Melody.

"Kulibe mankwala, amayi. Ni kuleka chabe. Osati kuchepesa, kulekelatu. Olo kanyenyeswa."

"Mpaka liti?"

"Moyo wake onse."

Poyamba Melody anaona ngati n'zopepuka. Nshima ndi ya chimanga. Mpunga, mbatata, chinangwa, nsomba za mumtsinje, masamba a maungu, zonsezi dokotala anati adye mmene angathere. Koma tirigu ndi wobisala. Amapezeka mu soseji, mu supu ya m'mapaketi, m'timibulu tija tokometsera ndiwo, m'tokhwasulakhwasula ta pageti pa sukulu. Timalemba ta pamapaketi n'tating'ono, ndiponso ta Chingerezi chouma, ndiye Melody anangogamula yekha kuti kupatula mchere, shuga ndi mafuta, chochokera m'paketi chisapondenso m'nyumba mwake. Chiwaya ndi beseni lokandiramo anapatsa mnzake. Nyumba anaikolopa mpaka kumakoma, nagula mthiko watsopano. Pamsewu paja anayamba kuwotcha chinangwa ndi kukazinga mtedza. Anali malonda ozizira poyerekeza ndi akale, koma sanadandaule.

Akanadandaula bwanji? Mimba ya mwana inaphwa. Masaya anatuluka. Tsitsi lakuda linayamba kumera pansi pa lofiira lija, ndipo tsiku lina Melody anamupeza akudumpha chingwe ndi anzake, akukangana nawo mokweza kuti sanaponde. Anaima kuseri kwa mpanda n'kulira yekha, mtima utadzaza ndi chimwemwe choti sakanatha kuuza munthu.

Boyd, bambo a mwanayo, ankanyamula matumba a feteleza kumafakitale. Sanali munthu woipa, ayi. Vuto lake linali loti ankagwirizana ndi aliyense amene walankhula naye pomalizira. Melody akamufotokozera za tirigu, iye ankati zoona. Akapita kwa amayi ake n'kumva zina, ankatinso zoona.

Amayi akewo ndiwo Ba Fines. Anabwera ku Kafue kuchokera kum'mawa ali mkwatibwi, kutsatira amuna awo amene anapeza ntchito kunjanji. Kuphika masikono anaphunzira kukalabu ya azimayi masiku amene mafakitale onse ankafuka utsi, ndipo kuyambira pamenepo panalibe ukwati, ubatizo kapena msonkhano wa kutchalitchi wopanda beseni lawo. Masikonowo ndiwo anali dzina lawo. Zina zonse zinawathera m'manja. Amuna awo anamwalira, kenako mwana wamkazi woyamba, kenakonso wamng'ono. Anatsala okha m'nyumba yakale ya kampani, maso atafiira ndi utsi wa mbaula poti magetsi masiku ano amangobwera kudzapereka moni. Mayi wokalamba, wamasiye, woika ana ake m'manda, wamaso ofiira: pamzere wa nyumba zija panali kale anthu ena amene ankawanong'onezana akadutsa.

Melody anayesa kuwafotokozera atangochoka ku Lusaka. Anagwada bwinobwino, nanena zonse za dokotala.

"Buledi?" anatero Ba Fines akuseka. "Iwe, buledi ndiye yamene bapasa bodwala ku chipatala. Bana banga bonse banakulila masikono. Boyd sumamuona mwamene alili?"

Mkamwana satsutsana ndi apongozi. Melody anangoti, "Chabwino, amami," n'kudzuka. Apa ndi pamene analakwitsa, ngakhale mkazi aliyense woleredwa bwino akanachita chimodzimodzi. Atalephera kuphunzitsa wamkulu, anakaphunzitsa mwana. M'mawa uliwonse pomumanga nsapato ankamufunsa ngati katekisimu.

"Bakakupasa chakudya ku nyumba ya bantu?"

"Nizakana."

"Olo kuli bambuya?"

"Olo kuli bambuya."

"Chifukwa?"

"Chizanidwalisa."

Sanaganize kuti mawu omwewo ndi amene mayi amauza mwana wake akamakayikira munthu za ufiti. Anali kuganiza za matumbo basi.

Lachinayi lina azimayi a kutchalitchi anasonkhana kwa Ba Fines, ndipo Boyd, popita kukafunsa za ganyu, anasiya mwana kumeneko. Nyimbo zitatha, tiyi anabwera, beseni linavundukulidwa, fungo linadzaza pabalaza. Ba Fines anasankha sikono yofufuma bwino, naitana mdzukulu wawo kuti anzawo amuone mmene wakongolera. Lushomo anaika manja kumbuyo.

"Sinizadya, bambuya. Bamami banakamba ati vakudya va kuno vimanidwalisa."

Mayi wina anaseka pofuna kuziziritsa zinthu. "Nanga manje wanenepa bwanji so, iwe kamwana?"

"Ndaba n'naleka kudya kuno."

Mmodzi anabweza sikono yake m'beseni pang'onopang'ono. Wina anati m'mimba simuli bwino kuyambira m'mawa. Wina anakulunga yake pachitenje akuti akadyera kunyumba, ndipo madzulo ake agalu anaipeza m'ngalande.

Nkhani yotere ku Kafue siyenda pansi. Pofika Loweruka inali itafika pamsika, yakwera minibasi, yatsikira ku Shimabala. Oitanitsa masikono analeka. Ana amene ankatunga madzi pampopi wa Ba Fines anawaletsa. Kutchalitchi benchi yawo inakula mwadzidzidzi. Kenako miyala inayamba kugwa padenga, ndipo wina analemba mawu oipa ndi makala pageti.

Melody anazimva kwa mayi wogulitsa tomato, amene anabwera kudzamugwira dzanja ngati wapambana mayeso.

"Mwachita bwino kumuziba, mwandi. Ise tenze kuona kale."

"Awe, simwamene ivo," anatero Melody. "Ni tirigu. Ni fulawa chabe, ba dokota ndiye banakamba."

Mayiyo anatsinzina diso limodzi. "Eya, tirigu. Tamvela."

Anafotokozera uyu, anafotokozera uyo. Aliyense ankagwedeza mutu momumvera chisoni, n'kumayamikira kuti ndi mkazi waulemu, wodziwa kuphimba za m'banja. Ndani akanakhulupirira kuti buledi, amene mwana aliyense amamulirira, angaumitse munthu? Ufiti ndiye unali womveka.

Lamlungu masana Melody ndi Boyd anaitanidwa kwa Ba Fines. Ba Chindikani, mng'ono wa malemu amuna a Ba Fines, anabwera kuchokera kumunda kwawo ku Shimabala atavala jekete. Anakhala pampando wa malemuwo, Boyd pambali pawo, Melody pansi pafupi ndi chitseko. Ba Fines anali pakona. Melody atawayang'ana anachita mantha, chifukwa m'masiku ochepawo anali atakalamba ngati adwala chaka. Patebulo panali mbale yovundikira ndi kansalu koluka, ndipo pambali pake panali mwala waukulu ngati chibakera.

Ba Chindikani sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Analankhula motsitsa, akusisita bondo.

"Amake Lushomo, madokota timabalemekeza. Sitikamba ati munama. Koma mau yanachoka pa kamwa pa mwana, pa menso pa bantu. Uyu mwala wapita pa windo, wagwela pa bedi pamene bagona bapongozi banu. Lelo ni mwala, mailo izankala petulo. Mufuna tikabashike ku manda na zina ya umfwiti?"

"Awe, batate. Nizayenda nyumba na nyumba, nikapepese, nikalondolole."

"Mwalondolola kale ku maliketi. Bamvela?"

Ba Chindikani anapitiriza osadikira yankho.

"Njila ni imozi. Mwana adye mu manja mwa bambuya bake, panja apo, bantu baone. Elo osati lelo chabe, bangakambe ati ni sewelo. Sondo iliyonse azibwela, azidya."

"Azadya, batate," anatero Melody mofulumira. "Bamami bapike nshima na nsomba, olo kandolo, olo mupunga. Azadya mbale yonse, bantu bazaona."

Apa ndi pamene Ba Fines analankhula.

"Chamene anakana ni sikono. Bonse banaona. Nikamupasa vina bazakamba ati mankwala yali mu masikono." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Mwana wanga, n'nakulakwila chani? Uyu muzukulu n'namusambika ine pamene anabadwa. Ine ningamupaye? Nashika bana babili ku manda, niyambe kudya wachitatu? Sinigona, Melody. Nimvela chabe mapazi panja."

Melody anawamvera chisoni, chisoni chenicheni, ndipo chimenecho n'chimene chinamufoola. Munthu woipa ukhoza kulimbana naye. Awa anali mayi wokalamba wamantha, amene sanalakwe kanthu kupatula kudziwa kuphika.

"Mukakana," anapitiriza Ba Chindikani, akuyang'ana pansi, "ninshi mwavomela vamene bakamba bantu. Mukazi wamene akamba apongozi ati ni mfwiti sangankale pa banja. Muzabwelela kwanu kwamene munachoka. Mwana ni watu, malobolo tinasiliza. Azankala kuno na bambuya bake."

Melody anatembenukira kwa mwamuna wake. Boyd anali atapeza chinthu chochititsa chidwi pansonga ya nsapato yake.

"Bashi Lushomo," anamuitana. "Munamuona mwamene enzelili. Kambani."

"Ni kamozi pa wiki chabe, amake mwana," anatero Boyd osadzutsa mutu. "Kamozi sikangapaye muntu."

Dokotala anati ngakhale kanyenyeswa. Melody anawamva mawuwo m'mutu mwake ngati akunenedwa pompo. Koma anaonanso mbali inayo bwinobwino. Akakana, amuthamangitsa, ndipo mwana atsala m'nyumba ino momwe tiyi wa m'mawa ndi sikono, wa madzulo ndi buledi, ndiwo n'zothira supu ya m'paketi. Kubwalo la milandu angapite, inde, koma mlandu umatenga miyezi, ndipo matumbo a mwana sadikira woweruza. Panali tirigu wa tsiku limodzi pamlungu, iye ali pafupi, kapena tirigu wa masiku onse, iye ali kutali. Njira yopanda tirigu panalibe.

"Chabwino, batate," anatero.

Anatulutsa mpando pakhonde. Aneba sanafunike kuitanidwa. Anali kale pamipanda, ena akunamizira kuyanika zovala zouma. Ba Fines anakhala pansi mbale ili pamiyendo, nang'amba sikono pakati, naipaka majarini. Anaitana mdzukulu wawo.

Lushomo anabwera, naima, naika manja kumbuyo. Anayang'ana amayi ake monyadira, kudikira kuti amuyamikire. Anali mwana womvera, ndipo phunziro lake analigwira bwino.

"Tenga, Lushomo," anatero Melody.

"Mami, munakamba ati chizanidwalisa."

Anthu a pamipanda anasendera. Melody anagwada pafumbi kuti alingane ndi mwana wake, namugwira mapewa amene anali atangoyamba kumene kukhala ndi mnofu.

"N'nalakwisa, mami," anatero Melody mokweza kuti onse amve. "Vakudya va bambuya ni vabwino. Idya."

Mwanayo anamuyang'anitsitsa, kufuna kuona ngati ndi mayeso. Kenako analandira ndi manja awiri n'kuluma. Anatafuna pang'onopang'ono, ndipo nkhope yake inawala, chifukwa masikono a Ba Fines, tinene zoona, ku Kafue kunalibe ofanana nawo. Anamaliza, nanyambita zala, natola nyenyeswa pa diresi.

Sanagwe. Sanachite thovu kukamwa. Matendawa sagwira munthu anthu akuona. Patapita kanthawi Lushomo anali kuthamangitsana ndi ana a aneba pabwalo, ndipo mayi wina wa pampanda anaimba nthungululu. Amene ankanong'ona aja ndiwo anali oyamba kulowa pageti, akuti iwo sankakhulupirira n'komwe, anthu ndi oipa pakamwa. Ba Fines anavundukula beseni lonse, anthu anadya. Ba Chindikani anavula jekete n'kupempha tiyi wina. Boyd anamugwira mkazi wake paphewa.

"Waona? Kulibe chachitika."

Chinachitika Lolemba masana. Lushomo anabwera kusukulu atapindika, atagwira pamimba, diresi itaipa kumbuyo. Melody anamusambitsa, namugoneka, namuphikira phala la mpunga. Atatenga chitenje kuti amubereke kupita kukiliniki, anaima pakhomo. Pamzere wa kukiliniki pamakhala theka la msika. Wadya kwa agogo ake Lamlungu, Lolemba ali kuchipatala: nkhani imeneyo ikanafika kwa Ba Fines iye asanaonane n'komwe ndi namwino, ndipo ulendo uno sikukanakhala miyala yokha. Ikanafikanso ku Shimabala. Anabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko.

Zovala anachapira kuseri, naziyanika m'chipinda pachingwe cha neti ya udzudzu. Mnzake atafunsa kuti mwana sakuoneka bwanji panja, anati akuwerenga. Boyd anaona zonse. Anayamba kulawirira kuntchito, ngakhale masiku amene kunalibe matumba onyamula.

Kuyambira pamenepo milungu inkayenda mofanana. Pakati pa mlungu Melody ankalimbana ndi thupi la mwana wake: phala la mtedza, nsomba, mazira, nthochi, chilichonse chopanda paketi. Pofika Lachisanu m'mimba munkakhazikika, Loweruka mwana ankaseka pang'ono, Lamlungu ankavala diresi yabwino kupita kwa agogo. Zimene mayi wamanga mlungu wonse, sikono imodzi inkazigwetsa. Masaya anabwerera m'kati. Chingwe chodumpha chinakhala pamsomali. Yunifolomu itayamba kulendewera, Melody anatenga singano n'kuibweza m'mbali kuti anthu asaone, ndipo patapita milungu ingapo anaibwezanso.

Katekisimu wa pomanga nsapato anasintha.

"Bakakufunsa ati mumala, mu mimba umu, muli bwanji?"

"Nili bwino."

"Olo kubaba?"

"Olo kubaba."

Mwanayo sanafunsenso chifukwa. Chimenechi chinkamupweteka Melody kuposa kuchapa, kuposa fungo, kuposa ulesi wa Boyd. Ankadziona kuti ndi mayi amene waphunzitsa mwana wake kukana chomupha, kenako n'kumuphunzitsa kuchilandira mwaulemu.

Kwa Ba Fines zinthu zinabwerera m'malo. Galasi la windo linaikidwa latsopano, mawu a pageti anafufutidwa, ana anayambanso kutunga madzi. Maoda a maukwati anabwerera. Komabe Lamlungu lililonse aneba ankapezeka pamipanda nthawi ya tiyi, poti anthu akakhululukira munthu mlandu umene sanapalamule, amapitiriza kumuyang'anira.

Lamlungu lina kukutentha, mvula isanagwe, anayenda pang'onopang'ono chifukwa Lushomo ankapempha kupuma panjira. Atafika, Ba Fines anali kale pakhonde, mbale pamiyendo.

"Bwela, muzukulu wanga. Mumala muli bwanji?"

"Nili bwino, bambuya."

Anamugwira padzanja kuti amukokere pafupi, ndipo sanamusiye. Chala chawo chachikulu ndi cholozera zinazungulira kamkono kaja n'kukumana, malo n'kutsalabe. Anayang'ana miyendo, anayang'ana mimba imene inali itayambanso kutukumula diresi, anayang'ana ulusi watsopano m'mbali mwa diresiyo. Ba Fines analera ana, anaikanso ana m'manda. Sipankafunika dokotala wa ku Lusaka kuti awauze chimene anachigwira m'dzanja.

Anadzutsa maso n'kuyang'ana mkamwana wawo. Melody sanathawitse ake. Anapempha ndi nkhope yonse, ndipo kwa kanthawi anaona ngati milomo ya mayiyo ikufuna kutseguka.

"Mwachoma bwanji, ba Fines!" anafuula mayi wina pampanda, chibwano chili pamanja. "Kamuzukulu kabwela kudya, ka?"

"Kabwela," anayankha Ba Fines.

Anachotsa kansalu koluka kaja. Dzanja lawo linayenda pamwamba pa mbale, likudutsa iyi, likudutsa iyo. Anasankha kasikono kakang'ono pa onse. Lushomo anatambasula manja awiri.